Wa famasi alipo, odwala ali pa laini: nanga ciletsa boma n'ciani?

Amai ndi atate a pa msika wa Petauke, imwe a pa Nyimba amene muthamangila mabasi ndi nthoci m'manja, imwe a pa turn-off, ndi imwe a kwathu amene muli pa Soweto ku Lusaka koma ndalama yanu imathela kumudzi, lelo tikambe za laini ya ku cipatala.

Mwezi watha amai anga aang'ono, amene agulitsa tomato ndi repu, anauka mutu uli kuwawa. Ali ndi BP zaka zingapo tsopano, ndipo matabuleti ao anali atatha masiku anai. Panali pa Ciwelu ca kumapeto kwa mwezi, tsiku lija anchito a boma alandila ndipo tomato amayenda. Anasiyila mnzao tebulo, nakwela njinga yamoto kupita ku cipatala. Dzina la cipatalaco sindichula, cifukwa anthu a pamenepo analibe mlandu.

Anafika m'mawa, napeza laini yayamba kale kukhota. Woona odwala anali clinical officer mmodzi. Ca m'ma 10 hours galimoto inabwela ndi anthu a ngozi ya pa msewu, magazi okhaokha, ndipo mnyamata uja anasiya laini nathamangila kumeneko. Anacita bwino. Akanakhala mwana wanu amene ali m'galimoto muja, nanunso mukanafuna kuti asiye zonse. Koma laini inaima, ndipo inaima maola.

Manje mvelani apa. Pa windo la famasi panali mnyamata wina wa khoti loyela, ali phee, alibe womupatsa mankhwala cifukwa mapepala anali atasiya kubwela. Amai aang'ono amudziwa. Ndiye amawapatsa matabuleti omwewo mwezi ndi mwezi, ndiye anawaphunzitsa kuti asamamwe awili tsiku limene aiwala dzulo lake. Anapita kukamupempha. Iye anati, "Amai, popanda pepala siningakupatseni. Nikacita, laisensi yanga yapita." Amai anati, "Nanga nikhale pano mpaka usiku, tomato azanigulisila ndani?" Ca m'ma 14 hours anacoka osaonedwa. Anapita pa kantemba, anagula diclofenac ya mutu, osadziwa kuti mankhwala a mtundu umenewo amakweza BP. Patapita masiku atatu tinawanyamula usiku pa taxi. Anagonekedwa masiku awili. Ali moyo, tithokoza Mulungu, koma ndalama ya cilimba imene anafuna kuoda nayo kapenta inathela pamenepo, ndipo bokosi la tomato linapita kwa nkhumba.

Funso langa kwa boma la UPND ndi ili: munthu uja wa pa windo, amene dziko linamuphunzitsa za mankhwala kuposa wina aliyense m'cipatala, n'cifukwa ciani mwamusiya awelenge matabuleti pamene anthu afookela pa benchi pamaso pake?

Tisasokoneze anthu atatu. Pali uja agulitsa Panado pa kantemba pamodzi ndi machesi ndi sopo; uyo sanaphunzile kalikonse. Pali pharmacy technologist, wa diploma ngati ya ku Evelyn Hone College, amene agwila nchito yaikulu yopeleka mankhwala m'zipatala zathu. Ndiye pali pharmacist, wa digili, amene anakhala zaka zisanu pa UNZA kapena pa yunivesite ina, nacita internship, nalembetsedwa ku Health Professions Council of Zambia. Uyu ndiye ndikamba. Adziwa mmene mankhwala amayendela m'magazi, mmene ciwindi ndi impso zimawacotsela, ndi amene sagwilizana. Adziwa kuti munthu amene akumwa TLD akayamba mankhwala a TB afunika tabuleti yowonjezela ya dolutegravir, cifukwa rifampicin imacepetsa mphamvu yake. Adziwa kuti rifampicin yomweyo imafooketsa mapilitsi a cilezi ndi kaja ka pa mkono, ndiye mzimai angatenge mimba ali kudabwa. Adziwa kuti Coartem ya mwana imayendela sikelo, osati maso. Cimene alibe ndi cilolezo colemba pepala, ndi maphunzilo opima wodwala ndi manja.

Cinthu caciwilici musacidumphe, cifukwa ndipo pagona nkhani. Sitikamba kuti mawa m'mawa a Nduna auke n'kupatsa wa famasi aliyense cidindo. Iyai. Wodwala wa ku casualty sabwela ndi dzina la matenda. Abwela akamba kuti m'mimba mupota, mutu uwawa, mwana watentha thupi. Mwa anthu ambili a mutu, oculuka ndi malungo, kutopa kapena BP. Koma pakati pao pangakhale mmodzi amene khosi lauma, ndipo uyo ndi meninjaitisi. Mwa azimai a m'mimba pangakhale mmodzi amene mimba yakhala m'chubu, ndipo ikaphulika angafe tsiku lomwelo. Kuzindikila mmodzi ameneyo sikubwela ndi digili ya famasi. Kufuna maphunzilo ena pamwamba pa digili: kufunsa wodwala mafunso oyenela, kumvela cifuwa, kupapasa m'mimba, kupima BP ndi shuga, kuwelenga zotuluka ku labu, ndipo koposa zonse kudziwa pamene ayenela kusiya colembela n'kuitana dokotala. Aphunzile ali pambali pa dokotala, pa odwala eni-eni, ayesedwe mayeso, wolephela alephele. Wopambana ndiye apatsidwe cilolezo, ca mndandanda wa matenda odziwika, m'cipatala ca boma. Ici ndico cipani cathu cifuna, ndipo tikamba poyela.

Ganizilani tsiku la amai aang'ono likanakhala bwanji. Namwino wa pa khomo asankha odwala: a ngozi ndi okomoka kwa dokotala pomwepo, apakatikati adikileko pang'ono, ndipo opepuka kwa wa famasi wophunzitsidwa. Iye awapima BP. Ikakhala yokwela pang'ono cifukwa cosowa mankhwala, awalembela, awacenjeza za diclofenac, awapatsa tsiku lobwelelanso, pofika 09 hours ali pa tebulo lao. Ikakhala yakwela moopsa, kapena maso aona mbuu, kapena dzanja lacita dzanzi, awagwila pa mkono n'kuwapitiliza laini yonse mpaka kwa dokotala. Njila zonse ziwili n'zabwino kuposa kukhala pa benchi maola 7 osapimidwa ndi munthu.

Ndipo laini ya ku OPD yadzala ndi anthu otele. Wa asima amene kopopela kake katha. Mzimai amene mkodzo uwotcha. Mnyamata amene wadziceka ndi mpeni poduladula kabichi. Wa shuga amene afuna cabe mankhwala a mwezi uno. Onsewa aima kumbuyo kwa munthu mmodzi, amene ayembekezelanso kuitanidwa ku wodi, ku labour ndi ku ambulansi.

Ena adzati izi n'zamaloto a acinyamata a cipani. Ku Britain anayamba mu 2003, wa famasi akulemba mankhwala motsatila pulani imene agwilizana ndi dokotala. Mu 2006 analoledwa kulemba payekha akatsiliza kosi yapadela. Kosiyo ili ndi masiku 26 a kuphunzila ndi maola 90 ogwila nchito pamaso pa womuyang'anila. Kuyambila mu 2026, otsiliza maphunzilo a famasi kumeneko azilembetsedwa ali kale ndi cilolezo colemba. Ndipo amene afuna kugwila ku casualty amawonjezela maphunzilo ena a kapimidwe ka odwala, cifukwa iwonso anaona kuti cilolezo cokha sicikwana. Dziko limene lili ndi madokotala ambili kuposa ife linaona kuti wa famasi ndi wodula kwambili kuti azingowelenga matabuleti. Ife osauka ndiye tili ndi mtima womuseweletsa.

Mukati Britain ndi kutali, South Africa nayo ili ndi kosi yochedwa Primary Care Drug Therapy. Wa famasi akaicita amapatsidwa cilolezo copima ndi kulembela odwala a matenda wamba. Abale athu amene apita ku Johannesburg kukaoda katundu angakuuzeni kuti kumeneko si kumwamba, ndi Africa yomweyi.

Koma tisapite olo kutali. Ife eni ake tinacitapo kale. Madokotala atacepa m'maboma akumidzi, Zambia inatenga ma clinical officer, niwabweza ku Chainama kuyambila mu 2002 kuti aphunzile zambili, ndipo anatuluka ali ma medical licentiate. Lelo anthu amenewa amacita opaleshoni ya azimai olephela kubeleka m'zipatala za m'maboma. Ambili mwa imwe amai muli ndi cipsela pamimba cimene sanasoke dokotala wa ku UTH, ndipo mwana uja ali pa sukulu. Ngati tinakhulupilila munthu wophunzitsidwa bwino kuti agwile mpeni pamimba ya mzimai, tiopa ciani kuti wa digili ya mankhwala, ataphunzitsidwanso, alembele munthu wa BP matabuleti amene amwa zaka ndi zaka? Pa ma clinic a kumidzi anamwino alemba mankhwala tsiku lililonse, ndipo palibe akamba kuti dziko lagwa. Akulu anati fodya wako ndi amene ali pamphuno. Wa famasi ali kale pamphuno, ali kale pa payroll.

Tsopano tibwele kwa eni boma. Ndiwapatse zao: mu 2022 analemba nchito anthu a zaumoyo opitilila 11,000. Icoco cinacitika, sindingacikane. Koma kulemba anthu nchito ndi ciyambi cabe. Nanga ataima pa malo ao, mwawapatsa ciani cakuti laini ifupike? UNZA ili ndi digili yaciwili ya Clinical Pharmacy. Levy Mwanawasa Medical University, imene inameza Chainama, ilipo pa Great East Road pomwepo. Aphunzitsi alipo, zipinda zilipo, ana athu ofuna kuphunzila alipo, ena a iwo akugulitsa m'makemisti a anthu ku Lusaka kudikila kuti boma liwakumbukile. Cosowa ndi lamulo lowalola kulemba, ndi ndalama yowaphunzitsila. Zonse ziwili zili m'manja mwa Unduna wa Zaumoyo ndi Nyumba ya Malamulo, mmene UPND ili ndi aphungu oculuka. Akafuna kusintha lamulo limene liwakomela iwo, mumaona mmene amathamangila. La odwala ndiye lifuna makomiti.

Ndalama kulibe? CDF inali K1.6 miliyoni, anaikweza kufika K25.7 miliyoni mu 2022, ndipo mu 2025 inafika K36.1 miliyoni pa constituency iliyonse. Amaiimba pa wailesi usana ndi usiku. Pa ndalama yomweyo anati agula ma ambulansi 156, imodzi pa constituency, ndipo dziko lonse linaona mmene anacedwela kufika, mpaka akuluakulu anaitanidwa kukayankha ku komiti ya Nyumba ya Malamulo. Ambulansi ndi yabwino, sindiinyoza. Koma ambulansi ikatula wodwala, imutula pa khomo lomwe lija pali munthu mmodzi. Galimoto mwagula, nanga manja olandila wodwala? Atsogoleli a mu Africa analonjeza ku Abuja mu 2001 kuti 15 peresenti ya bajeti izipita ku zaumoyo. Bajeti za boma lino palibe olo imodzi inafikapo.

Pali mau amene ndidziwa kuti ali kale pakamwa panu, cifukwa amai aang'ono omwe anandiuza: "Iwe mwana, anthu a famasi si ndiwo akuba mankhwala? Manje ufuna uwapase na bolopeni?" Funso ili ndi la nzelu ndipo sindilithawa. Mu May 2025 kazembe wa America, a Michael Gonzales, anaima pamaso pa atolankhani nalengeza kuti dziko lao lidula thandizo la mankhwala la madola 50 miliyoni pa caka cifukwa ca kuba. Anakamba kuti anthu ao anayendela mafamasi opitilila 2,000 m'dziko muno ndipo anapeza mankhwala aulele a odwala ali kugulitsidwa. Manyazi amenewo ndi athu tonse. Ndipo inde, pali ena a makhoti oyela amene anaikapo dzanja, awo amangidwe.

Koma taganizani bwino. Katundu wofika m'mafamasi ambili conco, m'zigawo zonse, sangatuluke m'thumba la khoti la mnyamata wa pa windo. Atuluka pa malole. Mu 2024 makontena 61 a mankhwala ocokela ku Egypt anakhala miyezi pa depoti ya kampani ina ku Lusaka pamene zipatala zinali kulila. Kodi anawaimika ndi wa famasi wa ku Nyimba? Nkhani imeneyo inali ya ZAMMSA ndi akuluakulu amene boma linasankha lokha. Ndipo kuti musati ndikondela, boma lakale nalo linatibweletsela makondomu ndi magolovu obowoka. Matendawa ndi akale. Koma amene anati adzakonza ndi awa ali pa mpando. Mbala yaikulu ikakhala m'ofesi ya mphepo yozizila, musatiuze kuti mwana wa mlimi amene anaphunzila ndi ndalama ya nshawa sangakhulupililidwe ndi pepala.

Futi pali njila yotsekela dzenje limenelo, ndipo ife tiifuna ilembedwe m'lamulo: wolemba asakhale wopeleka. Wa famasi amene waona wodwala ku casualty alembe, wina pa windo aone pepala n'kupeleka, dzina la aliyense likhale m'buku. Ndiponso cilolezoci ciyambile m'zipatala za boma ndi za mishoni, osati m'makemisti a malonda, kumene munthu angakulembele mankhwala asanu cifukwa lendi ya shopu yayandikila. Imwe amalonda mudziwa bwino kuti wogulitsa sakamba kuti katundu wake ndi wosafunika.

Ena akamba kuti tili ndi madokotala acinyamata amene alibe nchito, ena agwila mongodzipeleka osalandila kanthu, ndiye bwanji osangolemba amenewo? Alembedwe! Dzulo lomwe anafunika kulembedwa. Boma limene lisiya dokotala agwile ulele m'cipatala cake n'kumadzitama pa TV lilibe manyazi. Koma olo mutalemba onse lelo, sadzakwana pa khomo lililonse usiku ndi usana kucokela ku Kacholola mpaka ku Chama. Ndipo dokotala amene tili naye, nthawi yake ithele pa uja wathyoka msana pa ngozi, osati pa kulemba amlodipine ya mwezi ndi mwezi. Madokotala asaone ngati tiwalanda nchito. Ndiwo adzakhala aphunzitsi ndi oyang'anila pa kosi imeneyi, ndipo alipilidwe pa nchito yophunzitsayo.

Nanga ponena kuti mankhwala eni-eniwo kulibe, ndiye kulemba kuthandiza ciani? Apa ndiye ndifuna mumvetse, cifukwa zikhudza thumba lanu mwacindunji. Kangati mwaima laini tsiku lonse, mwalandila pepala, mwafika pa windo n'kuuzidwa kuti awa atha, kaguleni ku kemisti? Nthawi zina atha zoona ndipo palibe cocita. Koma nthawi zina pa shelefu pali mtundu wina wogwila nchito yomweyo. Wolemba sanadziwe cifukwa sakhala ku sitolo, ndipo wa pa windo sangasinthe pepala popanda kubwelela kwa wolemba, amene ali ndi anthu ena makumi pakhomo. Ndiye cosavuta n'kukuuzani kuti mukagule. Munthu amene adziwa zili pa shelefu m'mawa uno, akakhala ndiye wolemba, alemba cimene cilipo. Boma linacotsa malipilo pa zipatala zing'onozing'ono, kumidzi mu 2006 ndi dziko lonse mu 2012, kenako kunabwela NHIMA. Koma imwe mudziwa kuti cipatala caulele cimene cikutumani ku kemisti si caulele.

Pali nchito inanso imene anthu saiona cifukwa icitika kuseli kwa katani. Kuno kwathu kulimidwa thonje ndi madimba, ndipo mankhwala opopela ali m'nyumba zambili. Mwana akamwa mwangozi, kapena wamkulu akamwa dala cifukwa ca nkhongole ya kaloba, afika ku casualty thovu kukamwa. Pa poizoni wa mtundu wa organophosphate, mankhwala opulumutsa ndi atropine, ndipo safuna jekeseni imodzi. Abaya mobweleza-bweleza, kuwonjezela mlingo mpaka cifuwa ciume. Pa nthawi imeneyo dokotala ali pa mpweya wa wodwala, namwino ali pa mtsempha. Wofunika wacitatu ndi uja adziwa mlingo pamtima, adziwa mabotolo atsala angati ndipo ena awapeza kuti. Cimodzimodzi wolumidwa ndi njoka, cimodzimodzi mwana wa malungo aakulu amene afunika artesunate yowelengela pa kulemela kwake. Wa famasi wophunzitsidwa za casualty aima pamenepo, osati kuseli kwa windo lotseka 16 hours.

Lekani ndikukhumudwitseniko pang'ono, amai ndi atate anga, cifukwa mnzako weniweni ndi amene akuuza kuti kumaso kuli cinthu. Ifenso tili ndi mbali yathu. Pa msika pathu pomwe pamayenda makapisozi ogulitsa awili-awili. Cimfine pang'ono, amoxyl. M'mimba pang'ono, Flagyl. Ukamvako bwino pa tsiku laciwili, wasiya, otsala wasungila mwana. Mankhwala amenewa sagwila cimfine cifukwa cimfine ndi vailasi, ndipo ukawamwa mosatsiliza tizilombo tina timapulumuka n'kuzolowela. Tsiku limene mwana adzadwala cibayo ceni-ceni, mankhwala omwewo angakane kugwila. Ici si nthano, madokotala padziko lonse alila naco. Komanso kugulitsa mankhwala otele popanda laisensi ya ZAMRA ndi mlandu.

Koma sindingakudzudzuleni n'kulekela pomwepo, ngati mmene amacitila akuluakulu akabwela ndi ma Land Cruiser kudzatiphunzitsa. Mzimai sagula makapisozi pa kantemba cifukwa ca umbuli. Wawelenga masamu. Wa salaula angatseke tebulo tsiku limodzi, malaya saola. Wa tomato, wa nthoci zakupsa, wa nsomba zaziwisi, wa vitumbuwa, akatseka tsiku limodzi wataya katundu ndi phindu lomwe, ndipo levi ya khonsolo ndi cilimba sizimva kuti unali ku cipatala. Wa pa payroll akadwala atenga sick note, malipilo abwela onse. Imwe sick note yanu muipeleka kwa ndani? Ndiye boma likafuna kuti anthu asiye kumwa mankhwala mwacisawawa, lisayambe ndi kulanda katundu pa tuntemba n'kujambulitsa zithunzi. Liyambe ndi kufupikitsa laini, kuti kuonana ndi munthu wophunzila kukhale kwa ola limodzi osati kwa tsiku.

N'cifukwa ciani tikamba kuti ayambile Nyimba ndi Petauke? Onani mapu. Basi ikacoka ku Lusaka, ikatsika mapili n'kuwoloka Luangwa Bridge, ikapita Kacholola, cipatala ca boma ca m'boma cimene ipeza ndi ca Nyimba. Malole a ku Malawi ndi a ku Mozambique, mabasi a usiku ndi usana, onse apita pamenepo, ndipo ngozi ikacitika m'makhota aja anthu ovulala amathela pa khomo limenelo onse nthawi imodzi. Tsiku lotelo wa malungo wa kwa Ndake kapena kwa Nyalugwe, amene wayenda mtunda wautali, adikila. Ku Petauke kuli cipatala ca boma, kuli Kalindawalo General Hospital, kuli Minga Mission. Patsogolo pali St Francis ku Katete ndi Chipata Central Hospital, kumene kuli madokotala amene angaphunzitse. Wophunzila safunika kusamukila ku Lusaka zaka ziwili n'kusiya windo lopanda munthu. Angapite masabata ocepa a m'kalasi, zotsalazo aphunzilile kuno, pa odwala a kuno, amene akamba Cinsenga ndi Cicewa osati cizungu ca m'buku. Ndipo amene boma lamulipilila asaine kuti adzagwila kuno zaka zingapo, kuti tisaphunzitsile makemisti a ku Manda Hill.

Akayesa pa zipatala ziwili kapena zitatu kwa caka cimodzi, awelenge: anthu adikila maola angati, angati acoka osaonedwa, angati abwelela atadwalilatu, zolakwa zacitika zingati. Ziwelengelozo azipacike pa khoma kuti tonse tione. Zikaonetsa kuti sizithandiza, ine ndidzalemba pa peji pano kuti ndinalakwa. Koma kukhala cete osayesa n'komwe, zaka zonsezi ali pa mpando, ndico sitingalole.

Masankho ali mu August 2026, ndipo mudziwa mmene zimakhalila. Abwela pa msika ndi vitenge ndi tumalonjezo twa ma loan, agula tomato wa K20 n'kujambulitsa. Vitenge landilani, n'zanu, ndi misonkho yanu. Koma amene afuna voti, kaya wa cipani canji, olo wa cathu, mufunseni pamaso pa anthu: kodi mudzaimilila mu Nyumba ya Malamulo kuti a famasi ophunzitsidwa aloledwe kulemba mankhwala ku casualty? Ndalama ya kosi idzacokela pa mzele uti wa bajeti? Nyimba ndi Petauke adzayamba caka citi? Akayamba kukamba za boma lakale kapena za cilala, mubwezeleni pa funso.

Acinyamata athu adzayenda m'misika ya Petauke ndi Nyimba ndi kabuku. Sitifuna dzina lanu kapena nambala ya NRC. Tifuna cabe mutiuze tsiku lomaliza limene munapita ku cipatala: munafika nthawi yanji, munaonedwa nthawi yanji, mankhwala munapatsidwa kapena munagula, ndipo pa tebulo panaonongeka katundu wa zingati. Amene muli pa Facebook lembani pansipa, osachula dzina la namwino kapena dokotala aliyense, cifukwa ndewu yathu si ya iwo. Amene muli ndi anzanu osawelenga, awelengeleni pa tebulo makasitomala akacepa. Zimene mudzatiuza tidzazisonkhanitsa, tipeleke kwa aphungu a Nyimba, Petauke Central, Kaumbwe ndi Msanzala, ndi ku ofesi ya zaumoyo ya cigawo ku Chipata, ndipo tsiku lopeleka tidzalilengeza pompano.

Kalembela wa acinyamata